Tsache Likutidyera Maziko

Anzanga, nkhani yomwe ndabwera nayo ndi ya pabwalo. Sindikunena bwalo la mpira kapena bwalo la milandu kwa amfumu ayi, koma kabwalo kaja kali kutsogolo kwa nyumba ya kwanu, pamene mumafikira kutula chikwama tsiku lotsekera sukulu. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, ati mnyamata wamkulu ngati uyu n'kumalemba za kusesa. Sekani ndithu, koma ine ndidatsala pang'ono kuona khoma la nyumba ya makolo anga likugwa chifukwa cha bwalo lomweli, ndipo kuyambira pamenepo ndili ndi maganizo amene ndikufuna kuti tikambirane.

Maganizo angawo ndi awa. Bwalo lomwe timalitama kuti ndi laukhondo, losesedwa kuchokera pakhonde mpaka kumsewu, lopanda ngakhale kaudzu kamodzi, ndilo likugumula nyumba zambiri m'midzi mwathu. Ndipo nthawi yolikonza ndi chilimwe, nthawi yomwe munthu aliyense amati alibe mpata.

Kwathu ndi ku Ntcheu, m'mudzi wina wa m'munsi mwa phiri. Nyumba yathu bambo adaimanga mu 2012. Ndi ya njerwa zootcha zomangira dothi, yofolera malata, mamita 9 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi. Nditafika pa tchuthi chachikulu kumapeto kwa Julaye 2024, ndidaona agogo akubwera kudzandilonjera. Kale ankangokwera pakhonde osagwira kanthu. Tsiku limenelo adayamba aponda pamwala, kenaka pa njerwa ziwiri zosanjikiza, n'kugwira mzati, ndiye n'kufika. Mumtima ndidati ukalamba wawapeza agogo. Mawa lake nditakhala pamwala womwewo ndikutsuka mkamwa, ndidazindikira kuti mwalawo kale padalibe, pakuti sunkafunika. Khonde lidali pomwe bambo adalisiya, koma bwalo lidali litatsika. Ndidawerenga mizere itatu ya njerwa za maziko ili pamtunda, pafupifupi masentimita 25, ndipo dothi lomangira pakati pa njerwazo lidali litayamba kuyoyoka. Pangodya ya kumunsi padali mng'alu woti pensulo n'kulowa.

Kodi dothi lonselo lidapita kuti? Lidatengedwa ndi akuba awiri, ndipo onse ndi apakhomo pomwepo.

Woyamba ndi tsache. Amayi amasesa m'mawa uliwonse tambala atangotsika, ndipo akadwala amasesa mlongo wanga. Tsache la pabwalo ndi louma, la timitengo, ndipo silisankha tsamba ndi dothi. Mukadzapita kwanu mudzayang'ane mulu wa zinyalala umene amawola akatha kusesa. Masamba ndi ochepa, chambiri ndi dothi lofewa la pamwamba, ndipo lonselo limakatayidwa kudzala. Tiyerekeze kuti bwalo likutsika ndi sentimita imodzi yokha pa chaka. Bwalo lathu ndi la mamita 10 kwa 8, kotero sentimita imodziyo ndi malita 800 a dothi, mawilibala 12 odzaza bwino. Munthu atabwera ndi wilibala mwezi uliwonse kudzakumba pakhomo panu mungamuthamangitse ndi chikwanje, koma tsache timalisungira malo abwino kuseri kwa chitseko.

Wachiwiri ndi madzi a padenga, ndipo uyu ndiye mbava yaikulu. Aphunzitsi a jogalafe adatiuza kuti milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi mbali zonse imapereka lita imodzi ya madzi. Ambirife tidangoloweza kuti tikhoze mayeso. Ine ndidakaiwerengera pa nyumba yathu. Denga la mamita 9 kwa 6 ndi masikweyamita 54. Chimvula chimodzi cha mamilimita 30, chomwe chimatha kugwa pa ola limodzi mu Januwale, chimatula malita 1,620 padengapo. Amenewo ndi zigubu 81 za malita 20, kapena migolo 8 ndi kapamwamba. Pa chaka chonse, tikatenga mamilimita 900 omwe ndi pafupifupi mvula imene Lilongwe imalandira, tikupeza malita 48,600. Denga la udzu limamwako pang'ono ndi kudontheza mwaulemu, koma malata samwa ngakhale dontho. Amawasonkhanitsa m'mizere yake n'kuwaponya pansi kuchokera mamita atatu m'mwamba, pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka, pafupi ndi phazi la khoma. Akagwa apeza dothi lomwe tsache lalipala kale miyezi isanu ndi umodzi, lopanda muzu uliwonse woligwira. Tidasangalala titachoka m'nyumba ya udzu kulowa ya malata, koma bwalo tidapitiriza kulisamala ngati kale, osaganiza kuti madzi asintha mphamvu.

Nditafotokoza zimenezi madzulo tikudya, amayi adandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga, sukuluyi yakuphunzitsa kuti ndisiye kusesa? Ukufuna anthu azidutsa apa n'kumati pakhomo pa uje pamakhala mkazi wauve?"

Pano ndiyenera kunena chilungamo, pakuti ambiri a ife ophunzira tili ndi matenda oyesa kuti zonse zomwe makolo amachita n'zaumbuli. Amayi adali ndi zifukwa, ndipo n'zomveka. Pabwalo loyera njoka ilibe pobisala, ndipo ikadutsa usiku m'mawa mumaona mkwekwe wake, n'kudziwa kuti yalowera kuti. Chinkhanira chimaonekera patali, linthumbu limaoneka lisadafike kukhola la nkhuku. Moto wolusa wa m'chilimwe ukafika pabwalo lopanda udzu umaima, ndipo pamudzi pomwe khitchini ndi nkhokwe n'zofolera udzu imeneyi si nkhani yamasewera. Pabwalo ndi pomwe amayala mphasa kuyanika mphale ndi ufa, ndi pomwe timamenyera nyemba, ndi pomwe anthu amakhala pakagwa zovuta. Kuwonjezera apo, mbiri ya mayi pamudzi imawerengedwa pabwalo lake munthu asadalowe m'nyumba. Makolo athu sadapenge posesa. Chimene ndimatsutsa ine ndi kusesa bwalo lonse, tsiku lililonse, mpaka kukafika pa khoma, ngati kuti dothi silitha.

Pa nthawi yomweyo kudabwera amalume ochokera ku Lilongwe, kudzakonzekera chiliza cha agogo aamuna. Iwo yankho lawo lidali lachidule: "Mphwanga, usadzivute. Thirani simenti bwalo lonseli, kapena muyale timabuloko ngati m'tauni. Fumbi latha, matope atha." Ambiri amaganiza chomwecho, ndipo munthu akapeza ndalama masiku ano chizindikiro chake ndi mpanda wa njerwa ndi bwalo la simenti. Ine ndikukana. Choyamba ndi ndalama. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo zipangizo zomangira zidakwera mtengo. Mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pangozi chifukwa cha ng'amba. Chaka chotero, chimanga chili chochepa m'nkhokwe, ungauze bwanji bambo kuti agule matumba a simenti othira pansi pongoyendapo? Koma ngakhale ndalama zikadakhalapo ndikadakanabe. Simenti simwa madzi. Malita aja 1,620 a padenga, kuphatikiza malita 2,400 ogwa pabwalo penipenipo pa chimvula chomwecho, onse amathamanga pamodzi kukatulukira pachipata. Kwa iwe kwauma, koma wapatsira mnzako wa kumunsi. Amene mudakhalako ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Mchesi nthawi ya dzinja mukudziwa mmene tinjira ta pakati pa nyumba timasandukira mitsinje pakangogwa mvula ya mphindi makumi awiri. Tsono fikanipo pa bwalo la simenti masana a mu Okutobala. Mwana sangaponde wopanda nsapato, ndipo usiku limabweza kutentha konse m'nyumba. Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Vuto lenileni silidali kusowa nzeru, koma nthawi. Anthu a m'tauni amayesa kuti mlimi akakolola amapuma mpaka mvula. Bwerani kwathu mu Ogasiti mudzaone. Kudimba tomato ndi kabichi zimafuna kheni m'mawa ndi madzulo, apo ayi palibe chokagulitsa pa Lizulu. Kumunda kukudikira kusosa. Chaka chimenecho tinkaumbanso njerwa za khitchini, amayi ankamweta udzu wofolera nkhokwe moto usadaupsereze, chiliza chija chinkafuna mchenga ndi nkhuni, ndipo Loweruka lililonse kudali ukwati kapena chinkhoswe choti banja lathu silingajombe. Bambo ankapitanso kukagwira ganyu kuti tipeze yogulira chimanga. Ine ndemwe ndidali ndi mabuku oti ndiwerenge. Bambo atamva za bwalo adati, "Zimenezo tidzaona mvula ikagwa, dothi likafewa."

Mawu amenewa ndi omwe agwetsa makoma ambiri. Mvula ikagwa palibe amene amayang'ananso pabwalo. Aliyense ali kumunda kubzala, kenaka kupalira, kuthira feteleza, kubandira, ndipo pobwera madzulo msana uli wothyoka. Dothi lothira pa nthawi imeneyo ndi phala, silitsindirika, limangotsatira madzi. Ndiponso mvula yoononga kwambiri ndi yoyambayo, ya mu Novembala, yomwe imabwera ndi mphepo ndi ukali n'kupeza nthaka ili yambulanda. Wofuna kuiteteza nyumba ayenera kukhala atamaliza mvula imeneyo isadagwe. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ntchito ya kudimba ukaisiya tsiku limodzi tomato amafota n'kukuitana yekha. Maziko sakuwa, amangoyoyoka mwakachetechete, n'chifukwa chake nthawi zonse amakhala otsiriza pa mndandanda wa ntchito.

Tidagwirizana kuti ndizigwira ola limodzi m'mamawa ndisadapite kudimba, ndi lina dzuwa likapendeka, pamodzi ndi mng'ono wanga. Sabata yoyamba sindidakumbe kanthu. Ndidangoyenda ndi kamtengo kulondola njira za madzi, pakuti ngakhale m'chilimwe madzi amasiya mapazi ake: timigwere tating'ono, mchenga wosanjikana, mizu ya mango yoonekera pamtunda. Ndidapeza kuti madzi a theka la denga ankagwa kutsogolo, n'kubwerera kukhoma chifukwa pamenepo ndi pomwe padakumbika kwambiri, n'kuyenda motsatira maziko mpaka pangodya ija yong'aluka, ndiye n'kumatsetserekera kumsewu. Mng'aluwo sudabwere mwangozi. Ngodyayo inkakhala m'madzi dzinja lonse.

Tidabwereka wilibala n'kuyamba kututa dothi. Lina tidakatenga pachulu cha kumunda, poti ndi lamakande ndipo limagwirana, lina lidachokera m'dzenje lomwe tidakumba kumunsi kwa bwalo. Ndidasiya kuwerenga titafika mawilibala 60. Tinkathira pang'ono, kuwaza madzi, kutsindira ndi munsi wakale womwe amayi adasiya kusinjira, kenaka kuthiranso. Ukathira lambiri nthawi imodzi pamwamba pamalimba koma pansi pali wefuwefu. Tidaonetsetsa kuti pakhoma pakhale pokwera ndipo dothi lizitsika pang'onopang'ono kuchoka panyumba, masentimita asanu pa mita iliyonse, mpaka mamita awiri. Levulo tidalibe. Tidagwiritsa ntchito chingwe, zikhomo ndi botolo la madzi logoneka pathabwa, kuyang'ana kathovu ka mpweya.

Pamzere pomwe madzi a malata amagwera tidakumba kangalande kosaya, kotambalala ngati phazi ndi theka, n'kuyalamo miyala ya kuphiri ndi zidutswa za njerwa zotsala pa uvuni. Dontho likagwa pamwala mphamvu yake imathera pomwepo. Amene angathe kugula lata lolandira madzi m'mphepete mwa denga ndi mgolo woika pansi pake achite zimenezo, pakuti adzapeza ndi madzi ochapira omwe. Koma asaiwale masamu aja: mgolo umodzi ndi malita 200, ndipo chimvula chimodzi chimadzaza isanu ndi itatu. Madzi osefukira ayenerabe kukhala ndi kolowera. Ife kangalande kathu tidakalozetsa kudzenje lija, lomwe tidalidzaza theka ndi miyala, ndi cholinga chodzabzala nthochi m'mbali mwake.

Nkhondo yeniyeni idali yogawa bwalo. Titakambirana masiku atatu, agogo ndiwo adaweruza. Adatenga ndodo yawo n'kulemba pansi. Mbali ya kukhitchini, pokwana mphasa zinayi ndi poyendapo, ikhale ya amayi, yosesa monga mwa masiku onse. Kanjira kochokera kumsewu kufika pakhonde kayalidwe miyala yafulati. Kotsalako, makamaka kumunsi komwe kumatsetsereka, kukhale kwa "udzu wa mwana wasukuluyu". Amayi adavomera ndi mawu amodzi okha, ndipo nkhope yawo inkanena zina.

Tsono apa ndi pomwe ndidalakwa, ndipo ndikulemba kuti wina asadzabwereze. Pano pasukulu tazolowera kapinga wobiriwira, womwe timamweta ndi zikwakwa pa nthawi ya ntchito za manja, ndi maluwa a m'mizere omwe timathirira ndi madzi a pampopi. Ndidafuna kuti pofika tsiku la chiliza alendo adzapeze kwathu kukuoneka chomwecho. Ndidapita kudambo, n'kukazula kapinga matumba atatu, n'kumubzala pakati pa Ogasiti. Kapinga wobzala m'chilimwe amafuna madzi tsiku lililonse, ndipo kwathu madzi ali kumjigo, ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu, pamzere wa ndowa. Ine ndinkakhala kudimba. Amene ankasenza zigubu zisanu ndi chimodzi zoonjezera pa tsiku adali mlongo wanga, mtsikana wa Sitandade 7. Sabata yachiwiri adatula chigubu pamaso panga n'kunena kuti, "Achimwene, udzu wanuwu mudzadya?" Ndidamukalipira, koma usiku ndidalephera kugona chifukwa adanena zoona. Kenaka mbuzi zidamaliza mlandu. Paja anthu akakolola ziweto amazitayirira, ndipo pamudzi ponse pouma malo obiriwira adali amodzi okha, pakhomo pathu. Masiku anayi zidali zitameta zonse. Bambo sadakalipe. Adangofunsa kuti, "Iwe mu Sepitembala ukubwerera kusukulu. Ukadamera udzuwu, ukadamusiyira yani?"

Funso limenelo ndilo lidandiphunzitsa kusiyanitsa ntchito ziwiri zomwe ndinkaziphatikiza. Chilimwe ndi cha dothi, miyala ndi ngalande. Kubzala ndi kwa dzinja, pamene kumwamba kumathirira kwaulere ndipo mbuzi zili pachingwe. Lidandiphunzitsanso kuti kukongoletsa pakhomo kumene ife anyamata timakukonda nthawi zambiri kumalipiridwa ndi mitu ya amayi ndi alongo athu. Bwalo la udzu wobiriwira chaka chonse lomwe timasirira kumaofesi a boma ndi m'nyumba za mabwana lidabwera ndi Angerezi, ochokera kudziko komwe mvula imawaza mwezi uliwonse. Kuno kuyambira Meyi mpaka Okutobala kumwamba kumakhala kotseka. Kapinga wa pamudzi aloledwe kuuma m'chilimwe. Masamba amafiira koma mizu imakhala yamoyo, ikugwirabe dothi, ndipo mvula yoyamba ikangogwa amaphukanso. Ntchito yake ndi imeneyo, kukongola kumangobwera pambuyo.

Kulakwa kwachiwiri ndidakumva ndili kuno, kudzera pa foni. Mvula yoyamba itagwa mu Novembala 2024, madzi adachoka pakhoma bwinobwino monga ndidafunira, koma dzenje lija lidachepa. Lidadzaza, madzi n'kusefukira, n'kukalowa m'khitchini mwa azakhali omwe nyumba yawo ili kumunsi kwathu, kunyowetsa nkhuni ndi thumba la makala. Azakhali adabwera m'mawa ali lawilawi, ati mwana wanu waphunzira kuti azitithira madzi. Bambo adapepesa, ndipo iwo ndi mng'ono wanga adakuza dzenjelo ndi kukumba lachiwiri pambali pake. Ine amene ndinkadzudzula amalume kuti simenti imapatsira mnzako madzi ndidachita zomwezo ndi khasu. Musadakumbe ngalande iliyonse, pitani kaye mukaime kumunsi, pakhomo pa mnzanu, muyang'ane kumtunda.

Pa tchuthi cha Khirisimasi chaka chomwecho ndi pomwe tidabzala. Nthawiyo idagwirizana ndi nyengo yobzala mitengo ya dziko lino, yomwe imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Kapinga adagwira pasadathe masabata awiri popanda chigubu ngakhale chimodzi. M'malire a kumunsi tidabzala mzere wa vetiva, udzu uja alangizi a zaulimi amalimbikitsa pa akalozera m'minda. Tidakapempha mapesi kwa mlimi wina, n'kuwagawa timagulu, n'kubzala motalikirana ngati kutambalala kwa chikhatho. Udzu umenewu kwawo ndi ku India. Mizu yake simayanga m'mbali koma imalowa pansi molunjika, mamita awiri kapena kuposa, ndipo mtundu womwe umabzalidwa kuno sufalikira ndi njere, kotero umakhala pomwe wauika. Ukakula umagwirana ngati mpanda, madzi amadutsa pang'onopang'ono koma dothi limatsalira kumbuyo kwake. Ndidadabwa kuti takhala tikuuona m'minda zaka zonsezi koma palibe amene adaganiza zoubweretsa pakhomo, ngati kuti dothi la pabwalo silikokoloka.

Pa mitengo napo anthu timalakwa. Tikafuna mthunzi wamsanga timathamangira bulugamu kapena malayina n'kubzala pafupi ndi nyumba. Bulugamu, wochokera ku Australia, amakula msanga koma amamwa madzi kwambiri, pansi pake sipamera kanthu, ndipo nthambi zake zikathyoka ndi mphepo malata amapita. Malo ake ndi kumunda wa mitengo. Mango ndi abwino, koma ine sindingabzale pafupi kuposa mamita khumi kuchokera pakhoma, chifukwa kamtengo kofika m'bondo lero kadzakhala chimtengo chotchinga denga lonse. Pafupi ndi nyumba tidaika mapapaya awiri, mandimu amodzi ndi chammwamba, chomwe masamba ake ndi ndiwo. Izi amayi adazilandira ndi manja awiri, ndipo ndidaona kuti chomera chomwe chimalowa mumphika sichisowa wochisamala. Mpanda wa nkhadze womwe mng'ono wanga ankafuna tidaukana, poti utomoni wake ukalowa m'maso mwa mwana ndi nkhani ya kuchipatala.

Wina adzati, nanga udzudzu? Nanga njoka zija amayi ankanena? Udzudzu wa malungo suswana mu udzu, umaikira mazira m'madzi odikha, ndipo nyengo yotentha pamatenga sabata imodzi kapena awiri kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka. Choncho choopsa ndi chithaphwi chomwe chimakhala masiku ambiri, monga zija zimatsala pabwalo lokumbika ndi m'maenje oumbira njerwa. Dzenje lomwetsa madzi liyenera kuuma pasadathe masiku awiri kapena atatu, ndipo likapanda kutero ndiye kuti lalakwika, likonzedwe. Udzu wautali wowirira ndiwo umasunga udzudzu masana ndi kubisa njoka, n'chifukwa chake kapinga wa pakhomo ayenera kumwetedwa, asapitirire kakolo, ndipo vetiva azidulidwa kufika m'bondo. Imeneyi ndi ntchito, sindikubisa. Koma ndi ntchito ya chikwakwa kamodzi pa masabata awiri m'dzinja, yomwe mnyamata angagwire, m'malo mwa tsache la tsiku ndi tsiku lomwe timangosiyira amayi. Neti yogonamo ikhalebe pomwepo, bwalo likhale la mtundu uliwonse.

Mwina mukuti nkhaniyi ndi yaing'ono, ya nyumba imodzi. Dothi lomwe lidachoka pakhomo pathu silidathere kumsewu. Lidalowa m'khwawa, khwawa lidalipereka ku Rivirivi, Rivirivi adakalitula mu Shire, kumtunda kwa Nkula, Tedzani ndi Kapichira komwe kumapangidwa magetsi ambiri a dziko lino, ndipo matope odzaza m'madamu a kumeneko ndi limodzi mwa mavuto omwe amachepetsa magetsiwo. Kafukufuku yemwe bungwe la FAO ndi anzake adatulutsa mu 2016 adapeza kuti mu 2014 Malawi ankataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pa chaka. Lambiri limachokera m'minda ndi m'mapiri ometedwa, zimenezo n'zoona. Koma zigwembe zambiri zomwe ndaziona m'midzi ya kwathu zimayambira pakati pa nyumba, pomwe madenga a malata, mabwalo osesedwa ndi tinjira tolimba zimasonkhanitsa madzi n'kuwatumiza kumunda ali ndi liwiro kale. Mlimi amalimbana ndi chigwembe kumunsi pamene gwero lake lili pakhonde pake.

Kwa ife amene timakhala kusukulu miyezi isanu ndi inayi pa chaka, ndikuona kuti ntchito imeneyi ndi yathu. Pano belu likalira timagwira khasu ndi chikwakwa popanda kufunsa, timadziwa kulambula ngalande ndi kuyala miyala m'mbali mwa msewu. Koma tikafika kwathu ena timasanduka alendo, kukhala pampando wa ndalema ndi buku m'manja, kudikira madzi osamba. Bambo ndi amayi sangasiye dimba chifukwa m'menemo ndi momwe mukuchokera fizi yathu. Amene ali ndi maola awiri pa tsiku, msana wabwino, ndi masamu a masikweyamita m'mutu ndi ifeyo. Ndipo tchuthi chachikulu chimagwa pa nthawi yake yeniyeni, dothi lili louma, mvula ikadali kutali miyezi itatu.

Tisadatseke mng'alu uja ndi dothi, ndidalemba mizere iwiri ya pensulo m'mbali mwake n'kuyeza ndi rula mpata wa pakati pake. Pa tchuthi cha Epulo 2025, dzinja lonse litadutsa, ndidayezanso ndipo mpatawo udali chimodzimodzi. Agogo akukwera pakhonde ndi sitepe imodzi. Kumbuyo kwa vetiva kudali kutaunjikana dothi lofika m'kakolo, lomwe zaka zina likadakhala lili mu Shire. Amayi akusesabe mbali yawo m'mawa uliwonse, koma tsopano ndi tsache lofewa, ndipo zosesazo amakathira patsinde pa nthochi m'malo motentha. Sindinganene kuti adagonja. Kapinga amayanga kulowera kumbali yawo, iwo amamubweza ndi khasu, ndipo nthawi iliyonse akamubweza malire omwe agogo adalemba amasunthira kumbali yanga ndi chikhatho chimodzi. Ndidawafunsa, adati maso anga ndi omwe akuona molakwika. Kuseri kwa nyumba, komwe kumagwera theka lina la madzi a padenga, sitidakhudzeko, ndipo kumeneko mizere iwiri ya njerwa za maziko ili pamtunda.